Makina Achete ndi Nsapato za Kumanja

Akamufunsa ntchito imene amagwira, make mapasa amayankha kuti, "Ndimangokhala." Wakhala akuyankha choncho chikwatiwire, ndipo saona chifukwa chosinthira. Kungokhalako kumayamba m'mawa ndi kusesa tsitsi m'kachipinda kometera ka amuna ake, kuwiritsa matawulo, kupukuta galasi ndi kudontheza mafuta m'makina ometera. Akamaliza amabwerera kunyumba kukangokhalanso: kuchapa, kusita, kuphika, ndi kutolera makapu amene amuna ake amasiya paliponse pamene nkhani yawathera. Mapasawo anakula kalekale, ali ndi mabanja awo kutali, koma dzina linamukanirira.

Luso lake lina ndi kudikira pa benchi ya chipatala. Anadikirirapo mayi ake, apongozi ake onse awiri, ndi mapasa aja nthawi ya chikuku. Mwini wake amati mabenchi akanakhala kuti amapereka satifiketi, bwenzi khoma la kunyumba kwake litadzaza. Amadziwa kuwodzera diso limodzi lili pa chitseko. Amadziwanso kuseka nthabwala ya mlonda wa pageti ngakhale anaimva kale, chifukwa mlonda ndi amene amadziwa ngati adokotala abwera.

Amuna ake ndi ometa, ndipo ndi munthu wa pakamwa. Mutu umene ena amaumaliza msanga, iwo amakhala nawo mpaka nkhani ya mpira ndi ya ana a masiku ano zitatha. Tsiku lonse amakhala chiimire. Matenda a shuga atawagwira, anasiya shuga wa mu tiyi pamaso pa mkazi wawo, n'kumakamwera tiyi kwa wosoka nsapato wa pafupi. Mapazi awo anayamba kuchita dzanzi pang'onopang'ono, moti kamsomali katatulukira mkati mwa nsapato ya kumanja, iwo sanamve kanthu. Amene anazindikira ndi make mapasa, pochapa: sokosi imodzi inali itauma gwa pansi pake, ili ndi banga lofiirira.

"Abambo, tandionetsani phazi."

"Phazi langa lakulakwirani chiyani?"

"Ndionetseni basi."

Pansi pa chala chachikulu panali kabala kozungulira ngati batani la malaya. "Kameneka? Kapola kokha," anatero ometa. Sikanapole. Kanakula, kanazama, kanayamba kununkha. Adokotala atakaona sanazungulire: chilondacho chikapanda kutseka n'kufika pa fupa, adzadula chala, mwinanso phazi lonse. Kwa nthawi yoyamba chikwatiranire, ometa anayenda ulendo wonse wobwerera kunyumba osatsegula pakamwa.

Tsiku lina atapita kukamangitsa bandeji, anawaitanira m'chipinda cha kumapeto kwa khonde, kwa nesi wa kafukufuku, mayi wamfupi wolankhula mothamanga. Nesiyo anafotokoza kuti akuyesa makina otulutsa kuwala kofiira, amene amawatchula kuti leza. Kuwalako n'kofooka, sikuwotcha ndipo sikudula. Amangokuloza pa chilonda kwa kanthawi, kangapo pa sabata. Ofufuza ena amati kumathandiza mnofu kumera msanga, ena amati palibe chimene kumachita, ndiye iwo akufuna kudzionera okha.

"Koma mumvetse apa, amayi. Makina alipo awiri, ofanana ngati ana anu aja. Onse amawala mofiira. Amodzi ndi enieni, enawo ndi nyali chabe. Kompyuta ndi imene imachita maere kuti uyu apite uku, uyu uku. Ine sindidziwa enieni ndi ati. Adokotala oyeza chilonda nawonso sadziwa."

"Nanga akudziwa ndani?"

"Munthu wina ku ofesi ina, amene sanaonepo phazi la aliyense."

"Ndiye mukuti mutha kuwaunikira bambowa ndi nyali miyezi yonseyi?"

"N'kutheka. Tikadziwa, mitima yathu ikondera, ndipo kafukufuku afa. Koma musaope, palibe amene timumana kanthu. Onse amalandira chisamaliro cha masiku onse: kutsuka chilonda, kumanga, kusaponda. Za kunyumba ndikuphunzitsani. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimangokhala."

"Zili bwino kwambiri, ndiye kuti nthawi muli nayo."

Ometa anavomera asanamve n'komwe mapeto ake. Anali ataona kale magalasi akuda amene wodwala amavala poteteza maso, ndipo anadziwa kuti awakhala.

Wodwala akalowa, womuperekeza ankatsala panja, pa benchi. Benchi imeneyo inasanduka bwalo la milandu, ndipo mlandu unali umodzi: enieni ndi ati? Chitseko chinali chopyapyala. Aliyense ankamva kuti makina amodzi akayatsidwa amalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, pamene enawo amangoti zii. Popeza wodwala aliyense ankalandira makina omwewo nthawi zonse, benchi inagawika pawiri: Aphokoso ndi Achete.

Mtsogoleri wa Aphokoso anali adalaivala ena opuma pa ntchito, amene ankabwera ndi akazi awo a chilonda cha pamsongolo. Anali mwamuna yekhayo pa benchipo, ndipo anesi onse podutsa ankawayamika ngati achita chozizwitsa. Azimayi a pa benchi yomweyo palibe amene ankawayamika, poti iwo amangokhala.

"Ine ndakalambira pa malole," ankatero adalaivala, akugogoda bondo. "Injini ikati zii, ndiye kuti yazima. Mukufuna dokotala kuti akuuzeni zimenezo?"

Ometa anagwera kwa Achete. Make mapasa anaganiza za zinthu zonse zogwira ntchito zimene amazidziwa. Makina ometera amalira. Firiji imalira. Amuna ake, amene aliyense amavomereza kuti amagwira ntchito, samatseka pakamwa. Anaona kuti adalaivala akunena zoona.

"Pepani, mlongo," anatero adalaivala. "Inu mwapata tochi."

Madzulo a tsikulo anawakhazika amuna ake pansi, phazi lili m'manja mwake.

"Abambo, mundimvetse. Inu muli pa nyali. Kuchipatala kuja mukungopita kukavala magalasi. Mukaponda pa chilondachi, phazi lapita."

"Anesi akuuzani?"

"Adalaivala."

"Adalaivala ndi dokotala?"

"Ali ndi makutu, ngati inenso."

Kuyambira pamenepo make mapasa anagwira chilondacho ngati munthu amene watsala yekha pa ntchito ya anthu awiri. Ankasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kutsuka chilondacho ndi madzi a mchere amene nesi anamupatsa, n'kuchiumitsa m'mbali ndi thonje, n'kuchimanga monga anamuphunzitsira, osathina, osalekerera. Ankachinunkhiza. Ankachiyang'ana mtundu pa kuwala kwa pawindo. Anapita kwa wosoka nsapato n'kumuuza mwaulemu kuti akadzawapatsanso amuna ake tiyi wa shuga, adzasoka yekha nsapato ya munthu wopanda phazi. Kenako anatolera nsapato zonse za kumanja za amuna ake, kusiya za kumanzere zili ndondondo pa khomo, n'kuzibisa pansi pa dengu la zovala zakuda, malo okhawo m'nyumba monse amene ometa anali asanapisemo dzanja.

"Amake mapasa, nsapato zanga zili kuti?"

"Si izo pakhomopo?"

"Izi ndi za mwendo umodzi!"

"Muziyeserera. Mukapitiriza makani, ndi zimene muzidzavala."

Make mapasa anayesanso kuchonderera. Anamupeza nesi ali yekha n'kumunong'oneza kuti makatani a m'chipindamo ada, iye atha kukawachapa ndi kuwasita, bola bambowa awasamutsire ku makina aja olira. Nesi anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Amayi, ndinu wachinayi sabata ino. Wina amafuna kundipatsa nkhuku. Ndikuti sindidziwa! Phokoso lija mwina ndi kafani chabe."

Make mapasa anavomera ndi mutu, koma mumtima anati: akanena chiyani china, poti ndi ntchito yake. Tsiku lina nesi atatuluka kukatenga thonje, iye analowa mwakachetechete, nawerama, n'kugunditsa khutu pa makina achete aja monga ankachitira pa chifuwa cha mwana wodwala. Nesi anamupeza ali chomwecho, matako kuchitseko.

"Akuti bwanji?" anafunsa nesi.

"Sakuyankha."

"Ndiye ndi aulemu ngati inu. Tulukani."

Nzeru ina inamufikira akupukuta njinga ya amuna ake, imene inali itaima pa khonde chiyambire matendawa. Kumbuyo kwake kunali kanyali kofiira koyendera mabatire. Anakayang'ana nthawi yaitali. Iye si munthu wopusa. Ankadziwa bwino kuti nyali ya njinga ndi nyali ya njinga. Koma ngati kuchipatala akuwaunikira ndi nyali, iye angalephere bwanji? Masana anatseka makatani, anawaveka amuna ake magalasi a dzuwa, n'kuloza kanyaliko pa chilonda, chapatali ndithu kuti kasakhudze. Anaona kuti chinachake chikusowa. Anatenga makina ometera akale, nawayatsa, n'kuwaika pa tebulo kuti azilira.

"Tsopano awa ndi enieni," anatero ometa, atagona chagada ngati bwana. "Ndikumva kulowa mpaka m'bondo."

Anapangana kuti ndi chinsinsi cha m'nyumba. Chinsinsicho chinakhala mpaka ulendo wotsatira wa kuchipatala, pamene nesi anafunsa funso lake la nthawi zonse, chitseko chili chotsegula:

"Pali mankhwala ena alionse amene mukugwiritsa ntchito kunyumba?"

"Ayi," anatero ometa. "Kupatula leza ya akazi anga."

Anafotokoza zonse, mpaka makina ometera pa tebulo, akuchita kuyerekeza kulira kwake ndi milomo. Benchi yonse inamva. Adalaivala anatsala pang'ono kugwa. Nesi anapukuta misozi ya kuseka, nafunsa ngati nyaliyo imakhudza chilonda, ndipo atamva kuti ayi, anati siwononga kanthu, komanso sikonza kanthu. Kuyambira tsikulo, make mapasa akafika pa benchi, adalaivala ankasendera n'kunena kuti, "Apatseni malo apulofesa."

Kuseka kunatha tsiku lina make mapasa atapita kumsika. Pobwerera anapeza nyumba ili pululu, ndipo patapata wake wa kubafa palibe. Anawapeza ometa ku shopu, chiimire, chidendene chikulendewera kunja kwa patapata wachikazi, akumeta kasitomala uku akumuuza za kafukufuku. Bandeji inali yonyowa.

"Anthu anga akuthawira kwa mnyamata wometa wa kuseriyu," anatero motsitsa mawu. "Ndikachira ndidzameta ndani?"

Pa ulendo wotsatira, adokotala anayeza chilondacho ndi kachitsulo. Anati chazamanso, ndipo fupa silili patali. Sanakalipe. Anangoti zikapitirira chonchi, ayamba kukambirana za tsiku lodula. Make mapasa anapita ku chimbudzi cha chipatala, natsegula mpopi kuti anthu asamve, n'kulira. Atamaliza anapukuta sinki, chifukwa anali ataidonthezera madzi, ndipo manja ake sadziwa kusiya malo onyowa.

M'mawa mwake anawakweza amuna ake pa njinga, n'kuikankha yekha mpaka ku shopu. Anawakhazika pa mpando wa pakona, phazi pa kasitulu, pilo pansi pake. Kenako anavala epuloni.

"Mukuchita chiyani, mayi?"

"Inu muzilankhula. Ine ndizimeta."

"Mumadziwa kumeta inu?"

"Tsitsi ndalisesa zaka zonsezi. Ndikudziwa kumene limathera."

Ankadziwa kumeta kumodzi kokha: mpala. Kasitomala akafotokoza kuti m'mbali achepetse, pamwamba asiye pang'ono, iye ankamvetsera mwaulemu, n'kuyamba bwino, n'kulakwitsa mbali imodzi, n'kuyesa kulinganiza mbali inayo, mpaka mutu wonse uli mbee. Ometa ankafuula malangizo kuchokera pakona. "Dzanja lipepuke! Khutu ilo, mayi, khutu!" Achinyamata anathawa onse. Koma madala anatsala, ndipo zinadziwika kuti ambiri a iwo sankabwerera tsitsi ayi, ankabwerera nkhani. Pasanapite nthawi msewu wonse unali ndi madala a mitu yonyezimira, ndipo mkazi wa wosoka nsapato anamufunsa ngati kwagwa nsabwe.

Masana ankameta, madzulo ankatsuka chilonda, masiku a kuchipatala ankakhala pa benchi kumvetsera makina a anzake akulira. Sanazindikire tsiku limene zinthu zinatembenuka. Anangoona kuti fungo latha, kuti pansi pa chilonda pafiira bwino ngati mkati mwa mlomo, ndipo m'mbali mwayamba kakhungu kotuwa kopyapyala kakulowera mkati. Sanauze munthu, kuopa kukachititsa manyazi. Chilondacho chinachepa mpaka kubwerera pa batani la malaya, kenako pa njere ya mpunga. Tsiku lina adokotala anakanikiza ndi chala, nayang'ananso, n'kunena kuti chatseka. Anawagwira chanza ometa n'kuwayamikira chifukwa cha kupirira kwawo.

Pobwerera kunyumba ometa anati, "Amake mapasa, kunena zoona, ine mwandichiritsa ndinu. Kuchipatala kuja anangondiunikira." Anazinenanso ku shopu, pamaso pa madala. Sabata imeneyo make mapasa ankayenda ngati wavala nsapato zatsopano. Anaganiza kuti mwina maere aja anamukomera, poti ulemu sunapite kwa makina.

Patapita miyezi, kafukufuku atatha, onse anaitanidwa kukamva zotsatira. Anakhala m'chipinda chachikulu, Aphokoso mbali ino, Achete mbali iyo, ngati pa ukwati wa mabanja osagwirizana. Akazi a adalaivala analipo, chilonda chawo chitatsala pang'ono kutseka. Anaimirira mkulu wa kafukufuku, mayi wa imvi amene palibe anali atamuonapo. Anathokoza odwala, anesi, adokotala, ndi amene anapereka makina. Kenako anati tsopano atha kuulula.

"Makina enieni ndi aja osalira."

M'chipindamo munati zii ngati makinawo. Mkulu uja anafotokoza kuti enawo anali ndi kafani kotha, kamene kanayamba kulira kafukufuku atayamba kale, ndipo ulendo wina adzaonetsetsa kuti onse akhale chete mofanana. Adalaivala anayang'ana kudenga.

"Ndinadziwa ine!" anafuula ometa, ataimirira ndi mapazi onse awiri. "Ndinkamva kulowa mpaka m'bondo! Ndinkawauza akazi angawa, osamva!"

Make mapasa anaweramitsa mutu. Miyezi yonse ija anawanyoza makina osalakwa, anawatcha tochi, anafuna kuwasinthanitsa ndi makatani. Ndipo mwa anthu onse a pa benchi ija, amene anakhulupirira msanga kuti chinthu chachete sichigwira ntchito anali iye.

Mkulu uja anakweza dzanja kuti ometa akhale pansi. Anati asathamange. Zilonda za Achete zinatseka msangako pang'ono, koma kusiyanako n'kochepa, ndipo anthu anali ochepa, moti sangalumbire kuti ndi kuwala kumene kwachita zimenezo. Mbali zonse ziwiri alipo amene anachira, aliponso amene sanachire. Pafunika kafukufuku wina wamkulu. "Musaiwale," anatero, "kuti magulu onse awiri ankalandira chisamaliro cha masiku onse."

Ananena mawuwo mothamanga, akutembenuza pepala. Make mapasa anayang'ana azimayi anzake a pa benchi, manja awo otuwa ndi sopo ali pa miyendo. Anagunda mnzake wa pambali ndi chigongono.

"Mwamva? Atitchula."

"Pati?"

"Chisamaliro cha masiku onse. Ndife amenewo."

Mnzakeyo anaseka mpaka kubisa nkhope m'mpango, ndipo nesi anawayang'ana ndi diso loti akhale chete.

Potuluka adalaivala anamupatsa moni wa manja awiri. "Apulofesa, injini za masiku ano n'zovuta." Iye anawafunsa za chilonda cha akazi awo, n'kuwauza kuti bandeji akumathina kwambiri.

Ku shopu nkhani inasintha tsiku lomwelo. Tsopano ometa amauza aliyense wokhala pa mpando kuti anachiritsidwa ndi leza, kuwala kwa sayansi, kosalira n'komwe, ndipo kompyuta inachita kuwasankha. Za mkazi wawo amazitchula pofika pa nyali ya njinga, chifukwa pamenepo ndi pamene anthu amaseka. Make mapasa amaseka nawo, tsache lili m'manja. Akafunsidwa kuti anachiritsa phazilo ndani, amati akuluakulu a sukulu anakanika kulumbira, ndiye iye ndani.

Nsapato za kumanja anazitulutsa adokotala atalola, ndipo anayamba wazipititsa kwa wosoka nsapato kuti apapase mkati mwa iliyonse ndi kuikamo kansalu kofewa.

"Zinali kuti nthawi yonseyi?" anafunsa ometa.

"M'dengu la zovala zakuda."

"Tili ndi dengu lotero?"

Anavala zonse ziwiri, namanga zingwe, n'kuyenda okha kupita ku shopu, akupereka moni mbali zonse za msewu. Make mapasa ankabwera pambuyo ndi ndowa ya matawulo, maso ali pa phazi la kumanja, kuona mmene likupondera. Madala angapo anakana kubwerera kwa mwini shopu, akuti mpala wa amayi ndi wosalala, choncho epuloni ija sanaivule kwathunthu.

Nesi anamuchenjeza kuti chilonda chotere chimatha kubwerera, ndiye madzulo alionse, ometa akavula nsapato, iye amakoka kasitulu. M'chipinda chawo babu ndi lofooka, ndipo tochi ya m'nyumba inatayika kalekale. Amatenga kanyali ka njinga kaja.

"Mwayambanso, apulofesa?"

"Ndikungofuna kuona. Tukulani phazi."

"Muyatse ndi makina ometera, kuti zilowe bwino."

"Phokoso lilipo kale lokwanira," amatero make mapasa, n'kuwerama, n'kuyamba kuyang'ana pakati pa zala, chimodzichimodzi.